Tchuthi cha Okutobala ndi zoopsa za Halloween: tipange chiyani ndi ana kunyumba?

Mayi wa ana atatu, Manchester

Moni nonse makolo anzanga. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwalera ana kuno ku Britain kwa nthawi yaitali. Sukulu zitseka kwa sabata imodzi kumapeto kwa Okutobala pa tchuthi cha pakati pa teremu, ndipo ana anga, woyamba wa zaka 11, wachiwiri wa zaka 7 ndi mzime wa zaka 4, sakukamba nkhani ina koma ya Halloween, chikondwerero cha zoopsa cha usiku wa pa 31 Okutobala, chifukwa anzawo kusukulu akungonena za maungu osemedwa, mileme ndi mizukwa. Ine ndilibe ndalama zoti tsiku lililonse ndiziwatengera kumalo olipira, komanso sindikufuna kuti sabata yonse ithere pa tabuleti ndi wayilesi ya kanema. Chimene chikundivuta kwambiri n'chakuti ana atatuwa safanana mtima: wamkuluyo akufuna zoopsa zenizeni, wapakatiyo amakonda kudula mapepala ndi kupaka utoto, pamene wamng'onoyo amalira akangoona chigoba cha kumaso chopachikidwa m'sitolo. Kodi pali zinthu zimene tingapange limodzi pogwiritsa ntchito zimene zili kale m'nyumba, zoti zikhale ndi kamantha pang'ono koma mwana asamalote zoipa usiku? Ndingayamikirenso mutandiuza zoyenera kusamala, poti dzungu sindinalisemepo ndipo nkhani ya makandulo ikundidetsa nkhawa.

Mphunzitsi wa ana aang'ono, Birmingham

Mayi, funso lanu limabwera chaka ndi chaka kuchokera kwa makolo a ana amene ndimaphunzitsa, ndipo chimene ndaona pa ntchitoyi n'chakuti mwana saopa chinthu chimene wachipanga ndi manja ake. Mzukwa wa m'sitolo umamuopsa chifukwa sadziwa kumene wachokera, koma mzukwa umene iye mwini waupaka utoto n'kuuika maso amaunyamula m'manja, amaupatsa dzina, ndipo mwina amafuna kugona nawo. Choncho muyambe ndi wamng'onoyo, akuluwo alowereramo okha.

Tsiku loyamba limene kunja kulibe mvula, pitani nawo ku paki ndi thumba kuti akatole masamba oyoyoka, makamaka a mitengo ya maple ndi sycamore amene ali ndi nsonga zotambasuka. Sankhani amene sanaume kwambiri, chifukwa ouma gwa amaphwanyika mwana akangowakhudza ndi burashi. Mukafika kunyumba apukuteni, muwaike pakati pa nyuzipepala, ndipo pamwamba pake musanjikepo mabuku olemera kwa masiku awiri kapena atatu kuti awongoke. Akawongoka apakeni utoto woyera kawiri, kudikira kuti woyambawo uume, kenako mwana ajambule maso awiri ndi kamwa ndi cholembera chakuda. Tsambalo mukalitembenuza kuti phesi liyang'ane m'mwamba, nsonga zija zimalendewera pansi ndipo limaonekadi ngati kamzukwa kovala nsalu. Mangani mapesiwo ku ulusi wautali n'kuupachika pa zenera. Pa ulendo wa ku pakiwo mungawafotokozere akuluwo chifukwa chake masamba asintha mtundu: dzuwa likachepa mtengo umasiya kupanga chlorophyll amene amabiriwitsa tsamba, ndiye mtundu wachikasu umene unalimo kale umayamba kuonekera, pamene wofiira umapangidwa m'tsambamo nyengo yomweyi.

Mileme ndi yosavuta. Sungani timakatoni ta pakati pa mapepala a kuchimbudzi, mupinde kumwamba kwake mbali zonse ziwiri kuti kutuluke timakutu tiwiri, mupake utoto wakuda, ndipo wa zaka 7 uja adule mapiko pa pepala lolimba. Ntchito imeneyi simatenga ola.

Chimene chimadya masana onse, ndipo n'chimene ndimachikonda, ndi nyali za m'mabotolo. Tsukani mabotolo a galasi a jamu, muchotse mapepala ake powaviika m'madzi ofunda. Sakanizani guluu woyera wa PVA ndi madzi pang'ono kuti asungunuke, ndipo ana ang'ambe pepala lopyapyala lofiirira kapena lobiriwira m'tizidutswa tating'ono. Kung'ambako ndi ntchito ya mwana wa zaka 4, ndipo adzainyadira. Matani tizidutswato kuzungulira botolo, tina pamwamba pa tinzake, kenako muikepo maso, mano kapena nthambi za mtengo zodulidwa pa pepala lakuda, ndi kupakanso guluu pamwamba pa zonsezo. Guluuyo akadali wonyowa amaoneka woyera ndipo ana amadandaula kuti chinthu chawo chaonongeka, koma auzeni apirire, chifukwa akauma amaonekera mkati bwinobwino. M'katimo muike kanyali ka batire, osati kandulo.

Wamkuluyo musamupatse ntchito za ana, apo ayi adzanena kuti watopa pasanathe mphindi 10. Mpatseni udindo wokonza sewero la zithunzithunzi. Apachike shiti loyera pa khomo la chipinda, aike tochi kumbuyo kwake, adule zinthu monga kadzidzi, mphaka ndi nyumba yakugwa pa katoni n'kuzimata ku timitengo. Alembe yekha nkhaniyo, ndipo adzazindikira payekha kuti chinthu chikayandikira tochi chithunzithunzi chake chimakula mpaka kudzaza shiti lonse. Wamng'onoyo akhale kumbuyo kwa shiti kugwira tochi, osati kutsogolo ndi oonerera. Kumbuyoko amaona kuti chilombo chija ndi katoni chabe m'manja mwa mkulu wake.

Ngati masiku atsalabe, kandani makapu 2 a ufa wa tirigu, kapu 1 ya mchere ndi kapu 1 ya madzi, ana aumbe timafupa ndi timaungu, muziumitse mu uvuni pa moto wochepa wa madigiri 100 mpaka 120 kwa maola awiri kapena atatu, azipake utoto mawa lake. Zimenezi si zodya, ndipo galu asazifikire chifukwa mcherewo ndi wochuluka kwambiri.

Bambo wa ku Glasgow

Zikomo aphunzitsi. Ine ndiwonjezerepo za dzungu, ndi za mwambo wa kuno ku Scotland umene ndikuona kuti ungathandize Mayi pa mwana wawo wamkulu. Kuno tchuthi chathu chimabwera msanga, chapakati pa Okutobala, choncho pofika pa 31 ana amakhala atabwerera kale kusukulu, koma zokonzekera timachita pa tchuthipo.

Anthu ambiri amaganiza kuti zonsezi zinachokera ku America, pamene mizu yake ili ku Ireland ndi ku Scotland. Anthu akale a kumeneku anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, chosonyeza kutha kwa zokolola ndi kuyamba kwa nyengo yozizira, ndipo pambuyo pake chinagwera usiku womwewo umene mpingo umakonzekera tsiku la Oyera Onse la pa 1 Novembala. Nyali zoyamba sankasema pa dzungu koma pa muzu wolimba wotchedwa turnip, ndipo okalamba a kuno amakumbukirabe mmene manja ankawawira poukumba ndi supuni, ndi fungo lake ukayamba kupsa ndi kandulo. Anthu a ku Ireland atasamukira ku America mwaunyinji, makamaka pa nthawi ya njala yaikulu imene inayamba mu 1845, anapeza kuti dzungu ndi lalikulu ndiponso lofewa, ndipo ndi mmene linalowera m'malo mwa turnip.

Mwambo umene ndikunenawo umatchedwa guising. Mwana sangofika pa khomo n'kutambasula dzanja, koma amayenera kuimba nyimbo, kulakatula ndakatulo kapena kunena nthabwala asanalandire maswiti kapena mtedza. Mungachite zimenezi m'nyumba mwanu momwemo osapita kwa wina aliyense: ana akonzekere kwa masiku angapo, agogode pa chitseko cha chipinda chochezera, ndipo inu muwalipire akatha kusewera. Palinso masewera a maapozi oyandama m'beseni la madzi, amene mwana amayesa kuluma limodzi manja ali kumbuyo. Ngati simukufuna kuti nkhope za ana onse zilowe m'madzi amodzi, njira ina ya kuno ndi yoti mwana agwade pa mpando, alume foloko ku chigwiriro chake, ndi kuigwetsa kuti ibaye apozi. Wa zaka 4 musamusiye yekha pafupi ndi besenilo.

Kunena za dzungu, musafulumire kulisema. Losasemedwa limakhala masabata ambiri pamalo ozizira, koma mukangoliboola limayamba kufota ndi kuchita nkhungu pasanathe sabata, makamaka m'nyumba yotenthetsedwa, choncho dikirani mpaka kutatsala masiku awiri kapena atatu. Ambiri amadula chivundikiro kumwamba, koma ine ndimaboola kunsi, chifukwa zam'kati zimatuluka mosavuta ndipo mumangolikhazika pamwamba pa nyali osalowetsa dzanja. Mukasankha kudula kumwamba, pendeketsani mpeni kuti uloze chapakati, apo ayi chivundikirocho chidzagwera m'kati. Ana ajambule nkhope ndi cholembera ndi kukumba zam'kati ndi supuni yaikulu, ndipo kukumbako kupitirire mpaka khoma la mbali ya nkhope lipyapyale, kuti kudula maso ndi mano kusavute. Nthangazo musataye: zitsukeni, ziumitseni, muzithire mafuta ndi mchere pang'ono, n'kuziwotcha mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 10 mpaka 15. Maungu aakulu ogulitsidwa kuti asemedwe amadyeka, ngakhale kuti ndi amadzimadzi ndipo sakoma kwenikweni, ndiye zimene mwapala m'kati zimayenera supu basi. Limene lakhala kale masiku pa khomo lisadyedwe.

Namwino wa usiku

Mayi, nkhawa yanu pa makandulo ndi yoyenera, ndipo ndikupemphani kuti musaichepetse. Zovala zambiri za Halloween zimasokedwa ndi nsalu zopyapyala za pulasitiki, zokhala ndi manja otambalala ndi zolendewera, ndipo zikagwira moto zimasungunuka n'kumatirira pa khungu. Nkhaniyi inadziwika dziko lonse mu 2014, pamene mwana wamkazi wa muulutsi wa pa BBC Claudia Winkleman anapsa kwambiri chovala chake chitakhudza kandulo pa khomo la nyumba ina. Mukagula chovala yang'anani chizindikiro cha CE kapena UKCA, koma dziwani kuti chizindikirocho chimangotanthauza kuti nsaluyo imapsa pang'onopang'ono, osati kuti siipsa. Mwana avale zovala zake za masiku onse m'kati kuti pakhale china pakati pa chovalacho ndi khungu. Zimene mwapanga nokha ndi mashiti, thonje kapena matumba akuda a zinyalala sizinayesedwe ndi aliyense, choncho m'nyumba mukhale mulibiretu lawi la moto tsiku limenelo. Aphunzitseninso ana kuti chovala chikagwira moto asathamange, koma aime, agwe pansi, ndi kugubuduzika. Popsapo pathiridwe madzi ozizira a pa mpopi kwa mphindi 20, osapaka mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ndipo ngati bala ndi lalikulu muimbe 999, nambala ya thandizo la mwadzidzidzi.

Aphunzitsi anena bwino kuti mugwiritse ntchito nyali za batire, koma pamenepanso pali msampha kwa mwana wa zaka 4. Tinyali tambiri timeneti timagwiritsa ntchito timabatire tobulungira tophwatalala, ndipo mwana akameza kamodzi n'kukakamira pa mmero, kangathe kuwotcha mnofu kwambiri m'maola awiri okha, ngakhale mwanayo asakuonetsa chizindikiro poyamba. Gulani tinyali timene chitseko chake cha batire chimatsekedwa ndi sikulu, ndipo mukakayikira kuti mwana wameza, pitani naye kuchipatala, ku chigawo cha odwala mwadzidzidzi (A&E), nthawi yomweyo osamusanzitsa.

Ndi mpeni, dulani nokha, pa thebulo louma, dzanja linalo lisakhale m'kati mwa dzungu moyang'anizana ndi nsonga. Timacheka tating'ono ta m'mapaketi osemera maungu n'totetezeka kusiyana ndi mpeni wakuthwa wa kukhitchini, umene umakakamira m'khungu la dzungu kenako n'kupulumuka mwadzidzidzi. Wamng'onoyo angopaka lake utoto. Kumbukiraninso kuti mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndipo kuyambira pamenepo dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Ana ovala zakuda saoneka kwa oyendetsa galimoto, choncho mukatuluka aliyense anyamule tochi kapena mumumate kanthu konyezimira pa jekete.

Agogo a ku Bristol

Mwana wanga, ine ndilankhula mosiyana pang'ono ndi anzangawa, ndipo aliyense achite monga mmene mtima wake ukumuuzira. Pakhomo panga za mizukwa, afiti ndi mafupa a anthu akufa sizilowa, chifukwa sindikuona chosangalatsa pophunzitsa mwana kusewera ndi zinthu zoterozo. Sindili ndekha pa maganizo amenewa, poti mipingo yambiri ya kuno imakonza madzulo a 31 Okutobala chimene imachitcha light party, kumene ana amavala zowala, amasewera ndi kulandira maswiti popanda zoopsazo. Funsani ku tchalitchi cha kufupi ndi kwanu. Funsaninso ku laibulale, chifukwa malaibulale ambiri a khonsolo amakhala ndi nthawi ya ntchito zamanja pa tchuthi chimenechi, kawirikawiri kwaulere, koma malo amatha msanga.

Komabe ndikudziwa kuti ana amafuna kanthu kowatsitsimula thupi, ndipo ine ndimapeza kuti chilengedwe chili nako kokwanira. Ndimatenga adzukulu anga madzulo kukuyamba kuda, aliyense ndi tochi yake, n'kumayenda m'mphepete mwa mpanda wa mitengo kufunafuna akangaude. Nyengo ino akangaude a m'minda amakhala atakula, ndipo maukonde awo ozungulira amaoneka bwino kwambiri m'mawa mame akagwa. Akangaude akuluakulu amene amathamanga pansi m'nyumba miyezi imeneyi kawirikawiri amakhala amphongo ofunafuna aakazi, ndipo mwana akamva zimenezi amaseka m'malo mokuwa. Mukabwerako, apingasitse timitengo titatu, azimange pakati, ndi kuzungulira ndi ulusi woluka kuchoka pakati kupita kunja, kukulunga kamodzi pa kamtengo kalikonse, mpaka ukonde upangike.

Mileme yeniyeni iliponso. M'dziko muno muli mitundu 18, yonse yotetezedwa ndi lamulo, ndipo umene mungauone kawirikawiri ndi kamleme kotchedwa pipistrelle, kolemera pafupifupi magalamu 5 okha. Kumapeto kwa Okutobala imakhala ikukonzekera kugona nyengo yonse yozizira, koma madzulo ofunda mungaione ikuuluka pafupi ndi madzi kapena mitengo dzuwa litangolowa. Kadzidzi wa mtundu wa tawny amalira kwambiri miyezi yomweyi chifukwa ana ake amakhala akufunafuna malo awoawo, ndipo kumva kulira kumeneko mumdima kumamukwanira mwana wa zaka 11.

Pa ulendo womwewo ana adzatola mbewu zofiirira zonyezimira za mtengo wa horse chestnut zimene amazitcha conkers. Amaziboola, kuzimanga ku chingwe, ndi kumenyanitsa mpaka ya wina isweke, ndipo akuluakulu amachita mpikisano wake pafupifupi chaka chilichonse m'dera la Northamptonshire kuyambira mu 1965. Si zodya, ndipo zimadwalitsa agalu. Ndikupemphaninso zinthu ziwiri inu amene mukongoletsa kunja. Ukonde wa akangaude wabodza wonga thonje, wa m'sitolo uja, musaukute pa mipanda, chifukwa mbalame zing'onozing'ono zimakodwamo. Ndipo dzungu likatha ntchito musakalitaye m'nkhalango poganiza kuti mukudyetsa nyama, popeza bungwe losamalira nkhalango la Woodland Trust limachenjeza kuti limatsegula m'mimba tinyama ta minga totchedwa hedgehog pa nthawi imene tikufunika kunenepa tisanagone. Liikeni m'bini ya zakudya zotsala kapena pa manyowa.

Mayi wa ana atatu, Manchester

Zikomo kwambiri nonse, ndipo Agogo, mawu anu ndawamva. Ndikambirana ndi bambo a kunyumba kuti tione pamene tingalekeze. Masamba, mabotolo ndi sewero la zithunzithunzi tichita ndithu. Ndatsala ndi funso limodzi. Ngati ife sitituluka usiku wa pa 31, kodi ana a anthu ena azidzagogodabe pa khomo pathu atavala zigoba zija? Ndikuopa kuti wamng'onoyu akadzatsegula chitseko n'kukumana nazo, ntchito yonse ya sabatayi idzapita pachabe.

Mphunzitsi wa ana aang'ono, Birmingham

Mayi, m'madera ambiri anthu amatsatira chizolowezi chakuti ana amagogoda pa nyumba zokhazo zimene zaika dzungu loyaka kapena zokongoletsa zina poonekera. Choncho ngati simukufuna alendo, madzulo amenewo chotsani mizukwa ya masamba ija pa zenera loyang'ana ku msewu, mabotolo akhale ku chipinda cha kumbuyo, muzimitse nyali ya pakhonde ndi kutseka makatani. Apolisi a m'madera ambiri amaika pa intaneti kapepala kopempha kuti anthu asagogode, kamene mungasindikize n'kumata pa chitseko. Ngati akuluwo akufunitsitsa kugawa maswiti, ikani mbale panja pa sitepe pamodzi ndi dzungu, ndipo wamng'onoyo aziyang'ana pa zenera la m'mwamba ali m'manja mwanu, kumene angathe kubisa nkhope akafuna. Ana aang'ono amabwera ndi makolo awo kukangoda, cha m'ma 5 kapena 6 koloko, ndipo zovala zawo siziopsa kwenikweni. Zigoba zoopsazo zimabwera ndi achinyamata mochedwerapo, ndiye ikamakwana 7 koloko lowetsani dzungu ndi mbale, ndipo mzimeyo akhale ali m'bafa.